Mmene ndinakonzera kusiyana kwa mayina ndisanabwerere kumudzi

Nditapuma pa ntchito patatha zaka 31 ndili kuno ku Harare, ndinayamba kukonzekera zobwerera kwathu ku Ntcheu, koma ndinapeza kuti dzina la pa mapepala a penshoni linali losiyana ndi la pa pasipoti yanga ya Malawi, chifukwa kalaliki amene anandilemba ntchito kalekale analilemba motsatira katchulidwe ka Chishona. Chilembo chimodzi chokha chinaimitsa zonse.

Poyamba ndinangofotokoza pakamwa ku ofesi ya penshoni, koma sizinaphule kanthu. Kalata ya abusa athu a ku Highfield, dera la mu Harare, nayonso inabwezedwa.

Chimene chinathandiza ndi kukalumbira pamaso pa Commissioner of Oaths, munthu wovomerezeka ndi lamulo kulumbiritsa anthu, kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ndinawalemba ndendende monga mmene alili, pamodzi ndi manambala a mapepala onsewo ndi tsiku langa lobadwa, ndipo ndinalipira madola 5. Mng'ono wanga anakatenga kalata yodindidwa kwa anyakwawa, yotchula makolo athu ndi mudzi wathu, n'kuitumiza pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Ndikukupemphani kuti mudikire kalata yeniyeniyo, chifukwa chithunzi chake cha pa WhatsApp a ku ofesi ya penshoni sanachilandire. Patatha masabata 3 dzina linakonzedwa, ndipo tsopano ndikulongedza katundu.