Ophunzira akamati buku la sayansi yongopeka ndi bodza

Ophunzira anga ankangoseka buku lonena za anthu opangidwa mu labotale kuti azichotsedwa ziwalo. Ankati n'zabodza. Kutanthauzira mawu ovuta sikunathandize, kuwafotokozera nkhani mwachidule kunangowagonetsa.

Chinathandiza n'kuyamba ndi mbiri yeniyeni buku lisanatsegulidwe. Ndinawauza za ku Tuskegee, ku America, kumene madokotala aboma anasiya dala amuna akuda odwala chindoko osawachiza kuyambira 1932 mpaka 1972, ngakhale penisilini atapezeka, pofuna kuona mmene matendawo amawonongera thupi. Kenako ndinawagawa m'magulu, ena madokotala, ena odwala, ena achibale, kuti aweruze okha ngati odwalawo anavomerezadi. Apa m'pamene panagona nkhani, ndipo mkangano unakula. Pomaliza ndinatchula Dolly, nkhosa yobadwa mu 1996 imene asayansi anaipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina, kuti aone kuti zinthu zonga za m'bukumo si zabodza zokhazokha.

Njirayi sinadye ndalama zambiri: zinangopita pa fotokope, tsamba limodzi pa gulu.