Momwe wachinyamata angayambire kumanga minofu popanda kudzivulaza

M'madera ambiri a m'matauni, kaya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, si zachilendo kupeza kuseri kwa nyumba kuli chitsulo chokhala ndi zitini za simenti mbali zonse ziwiri, pomwe anyamata amasonkhana madzulo n'kumapikisana kuti aone amene anganyamule cholemera kwambiri. Kufuna thupi ladzitho n'kwabwino ndipo sikuyenera kunyozedwa, koma ambiri mwa anyamatawa amayambira pamene anayenera kufikapo patapita miyezi ingapo, ndipo mapeto ake ndi kupweteka kwa msana ndi mapewa. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka zapakati pa 13 ndi 19 akhoza kumanga minofu ngakhale alibe ndalama za kujimu, malinga ngati akuwonjezera ntchito pang'onopang'ono, akudya mokwanira ndiponso akugona nthawi yabwino.

Makolo ambiri amaletsa ana awo kunyamula zitsulo poopa kuti apinimbira. Manthawa ali ndi pomwe anachokera, chifukwa kumapeto kwa mafupa aatali a mikono ndi miyendo kuli kachigawo kofewa komwe fupa limakulira, ndipo kachigawoka sikalimba mpaka munthu atamaliza kukula. Chomwe chimavulaza malo amenewa ndi ngozi, monga kugwetsa chitsulo kapena kudzutsa mwankhanza katundu woposa mphamvu zako. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limanena kuti masewera olimbitsa minofu ochitika moyenera, pali munthu wodziwa woyang'anira, saletsa mwana kutalika. Nalo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limalimbikitsa ana a zaka 5 mpaka 17 kuchita masewera olimbitsa minofu ndi mafupa masiku osachepera atatu pa sabata.

Choyamba: dziwani mmene thupi lanu lilili

Ngati muli ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena matenda a sickle cell, kapenanso munakomokapo pothamanga, kaonaneni ndi dokotala musanayambe. Amene amatopa msanga, kumva chizungulire kapena kuona magazi mumkodzo apite kuchipatala kukayezetsa, popeza kuchepa kwa magazi, njoka zam'mimba ndi likodzo zimafooketsa thupi moti ngakhale mutalimbikira bwanji simungaone kusintha.

Dziwaninso kuti kukula kwa minofu kumayendera limodzi ndi kutha msinkhu. Mahomoni otchedwa testosterone, omwe amachuluka mwa anyamata pa nthawi imene mawu asintha ndipo ndevu zayamba kumera, ndi amene amathandiza minofu kukula mooneka. Mnyamata wa zaka 14 amene sanafike pamenepa adzawonjezera mphamvu ndithu, koma mikono yake siidzatupa ngati ya mnzake wa zaka 17, ndipo pamenepa palibe cholakwika chilichonse. Atsikana ali ndi mahomoniwa ochepa kwambiri, choncho asaope kuti adzaoneka ngati amuna. Chomwe adzapeze ndi thupi lolimba ndi mafupa amphamvu.

Chachiwiri: yambani ndi kulemera kwa thupi lanu lomwe

Kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi oyambirira, chitsulo chisiyeni kaye. M'nthawi imeneyi mphamvu zambiri zomwe mumawonjezera zimachokera ku ubongo ndi mitsempha zomwe zikuphunzira kugwiritsa ntchito minofu mogwirizana, choncho chizolowezi chomwe mungatenge panopa, chabwino kapena choipa, n'chomwe mudzapite nacho ku zolemera.

Mapushapu amalimbitsa chifuwa, mapewa ndi kumbuyo kwa mikono. Ikani manja pansi motalikirana pang'ono kuposa mapewa, thupi liwongoke kuchokera kumutu mpaka kuzidendene, ndipo tsikani mpaka chifuwa chitatsala pang'ono kukhudza pansi. Zigongono zisatambasukire m'mbali, koma ziloze chakumbuyo pang'ono. Chiuno chikayamba kugwera pansi, imani, chifukwa zomwe mukuchita kuyambira pamenepo sizikuthandizanso chifuwa koma zikupweteka msana. Amene sangakwanitse mapushapu asanu oongoka ayambe manja ali pa benchi kapena pakhonde lokwera, ndipo asachite manyazi ndi zimenezi.

Masikwati ndi a ntchafu ndi matako. Imani mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, bwezerani chiuno kumbuyo ngati mukufuna kukhala pampando, ndipo tsikani mpaka ntchafu zitalingana ndi mawondo, zidendene zili pansi ndipo mawondo akuloza komwe kukuloza zala za kumapazi. Mukazolowera, onjezerani kuponda patsogolo ndi mwendo umodzi n'kutsitsa bondo lakumbuyo mpaka litayandikira pansi, kenaka n'kusintha mwendo. Anyamata ambiri amadana ndi masewera a miyendo chifukwa miyendo imabisika m'thalauza, koma minofu ikuluikulu ya thupi ili kumeneko, ndipo amene amainyalanyaza amakhala ndi mphamvu zoonekera pachifuwa zokha.

Msana ndi akatumba a mikono zimalimba ndi kukoka. Pezani chitsulo cholimba chopingasa kapena nthambi yaikulu yomwe mwaiyesa kaye, igwireni n'kudzikweza mpaka chibwano chitadutsa. Ambiri oyamba kumene sangathe ngakhale kamodzi. Zikatero, kwerani pampando kuti muyambire pamwamba, kenaka tsikani mwapang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 5, ndipo pakapita masabata angapo mudzayamba kudzikweza nokha. Pomaliza, limbitsani pamimba pogona chafufumimba n'kudzikweza pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili chiwongokere, kwa masekondi 20 mpaka 40.

Chachitatu: konzani sabata yanu

Masiku atatu osatsatizana ndi okwanira, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Minofu siikula pa nthawi yomwe mukuigwiritsa ntchito, koma pamene ikudzikonza mutapuma, ndipo imafuna pafupifupi maola 48 musanaipanikizenso. Yambani tsiku lililonse ndi mphindi 5 mpaka 10 zotenthetsa thupi, monga kuthamanga pang'ono kapena kudumpha chingwe. Sewero lililonse lichiteni maulendo 8 mpaka 15 osalekeza, yomwe ndi seti imodzi, pumani mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mubwereze mpaka maseti awiri kapena atatu. Zonse pamodzi zisapitirire mphindi 45. Ngati tsikulo mwalima, mwatunga madzi maulendo ambiri kapena mwasewera mpira wamphamvu, thupi lagwira kale ntchito, choncho chepetsani maseti.

Chachinayi: onjezerani pang'ono, ndipo muzilemba

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Thupi limasintha pokhapokha likapatsidwa ntchito yoposa pang'ono yomwe lazolowera, ndipo amene amachita mapushapu 20 omwewo chaka chonse amaima pamodzimodzi. Gulani kope laling'ono ndipo muzilemba tsiku, sewero ndi maulendo omwe mwakwanitsa. Mukafika maulendo 15 pa maseti onse popanda kupindika thupi, nthawi yowonjezera yakwana.

Zolemera zoyambira zilipo kale pakhomo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5 ndipo cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Ubwino wa madzi ndi woti mumadziwa kulemera kwenikweni ndipo mukhoza kuwonjezera lita imodzi yokha pa sabata. Kumbatirani chigubu pachifuwa pochita masikwati, berekani chikwama chokhala ndi mabuku pochita mapushapu, kapena tsamirani benchi ndi dzanja limodzi n'kumakokera chigubu chakuchiuno ndi dzanja linalo. Phunziraninso kudzutsa katundu pansi moyenera: chiuno chibwerere kumbuyo, mawondo apindike pang'ono, msana uwongoke, ndipo katunduyo akwere moyandikana ndi miyendo. Tulutsani mpweya pokweza ndipo mukoke mpweya potsitsa.

Zitsulo za simenti zili ndi mavuto awiri omwe anthu sawaganizira. Kawirikawiri mbali ziwirizo sizilemera mofanana, zomwe zimapotoza msana, ndiponso simungachepetse kulemera kwake kuti kugwirizane ndi msinkhu wanu. Ngati mukuzigwiritsa ntchito, ziyezeni pasikelo ya kumsika kapena kuchigayo, ndipo musagone pansi pa chitsulo popanda munthu wamkulu woimirira kumutu kwanu. Mpikisano woona amene anganyamule cholemera kwambiri kamodzi kokha ndi umene ndikupempha wachinyamata aliyense kuukana, ngakhale anzake amuseke, chifukwa ngozi zambiri zimachitikira pamenepo.

Chachisanu: idyani chakudya chomanga thupi

Wachinyamata akukula kale, choncho akayamba masewerawa thupi lake limafuna chakudya chokulira komanso chokonzera minofu. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi nthochi zimapereka mphamvu, ndipo musazichepetse potengera zomwe mwaona pa TikTok kwa anthu amene akufuna kuonda. Munthu amene sakhuta sangamange minofu, chifukwa thupi limatenga zomanga thupi zomwezo n'kuzisandutsa mphamvu zoyendera.

Za mapuloteni, omwe ndi zomanga thupi, mlingo wa magalamu 1.2 mpaka 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku ndi wokwanira. Wolemera makilogalamu 55 amafuna magalamu apakati pa 65 ndi 90. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka kapena chambiko pafupifupi 8, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, ndipo mtedza wodzaza dzanja pafupifupi 7. Nyama ya soya ya m'mapaketi ndiponso nsomba zouma monga usipa ndi matemba zili ndi mapuloteni okwana pafupifupi theka la kulemera kwake zikakhala zouma, ndipo nsomba zing'onozing'onozi, poti zimadyedwa ndi minga yomwe, zimalimbitsanso mafupa. Nandolo, khobwe, nzama, ngumbi ndi mphalabungu nazo ndi zomanga thupi zenizeni, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mnyamata akuzinyoza n'kumasunga ndalama za ufa wa mapuloteni wa m'zitini wochokera kunja, womwe sumupatsa chilichonse chimene mbale ya usipa ikanalephera kumupatsa.

Chofunika ndi kugawa chakudyachi tsiku lonse, osati kudikira mgonero wokha. M'mawa imwani phala la mgaiwa losakaniza ndi ufa wa soya kapena lotendera nsinjiro, masana ndi madzulo ndiwo zikhale zokwanira osati zongonyowetsera mbamu, ndipo pakati pake tafunani mtedza kapena dzira lowiritsa. Ophunzira a sukulu zogonera komweko, omwe nthawi zambiri amadya nsima ya nyemba, akhoza kusunga mtedza wokazinga, chiponde kapena mkaka waufa. Mtedzawo muzisankha bwino n'kutaya wonse wachuku, wofota kapena wowawa, chifukwa chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi. Masamba ndi zipatso zisasowe, monga amanenera alangizi a zaumoyo pophunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo atsikana azidya kwambiri zakudya zowonjezera magazi monga chiwindi, nyemba, bonongwe ndi chisoso, poti amataya magazi mwezi ndi mwezi. Imwani madzi mpaka mkodzo uzioneka woyera, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Chachisanu ndi chimodzi: gonani

Munthu wa zaka 13 mpaka 18 amafuna tulo ta maola 8 mpaka 10, ndipo mahomoni okulitsa thupi amatuluka kwambiri munthu ali m'tulo tofa nato. Foni izikhala kutali ndi mphasa kapena bedi. Nthawi ya mayeso a JCE kapena MSCE, pamene mukuwerenga mpaka usiku, ndi bwino kuchepetsa masewera kufika masiku awiri kusiyana ndi kuchepetsa tulo.

Zomwe muyenera kuzikana, ndi nthawi yoti musiye

Padzapezeka wina wokuuzani za jakisoni kapena mapiritsi okulitsa minofu msanga. Mankhwala otere, otchedwa masteroidi, amatseka msanga malo aja omwe mafupa amakulira, kotero ndi iwo amene amapinimbiritsa munthu zenizeni. Amawononganso chiwindi ndi mtima, amakweza kuthamanga kwa magazi, amabweretsa ziphuphu ndi ukali, amameretsa mabere mwa anyamata ndipo amafooketsa mphamvu zobereka. Mapiritsi ndi masirapu onenepetsa ogulitsidwa mwachinsinsi m'misika kapena pa WhatsApp nawo amawonjezera mafuta ndi madzi m'thupi, osati minofu. Mowa ndi fodya zimachedwetsa thupi kudzikonza.

Kumva kuphwanya kwa minofu tsiku limodzi kapena awiri mutachita masewera si vuto, ndipo kumachepa thupi likazolowera. Ululu wobaya pabondo, paphewa, pachigongono kapena pamsana ndi wina, ndipo ukabwera siyani seweroli pomwepo. Ukapitirira masiku angapo kapena pakatupa, pitani kuchipatala. Musachite masewera thupi likutentha kapena mukumwa mankhwala a malungo. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika kwachilendo, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka minofu itatupa kwambiri, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chizindikiro chomalizachi chimasonyeza kuti minofu yawonongeka moti ikhoza kuvulaza impso.

Mphamvu zimayamba kusintha m'masabata ochepa, koma kusintha koonekera ndi maso kumatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mwa ena kumachedwerapo malinga ndi msinkhu ndi chibadwa. M'malo modziyang'ana pagalasi tsiku ndi tsiku, dziyezeni pasikelo ndiponso yezani mkono, chifuwa ndi ntchafu ndi tepi ya telala kamodzi pa mwezi, n'kulemba m'kope lomwe lija. Ngati manambala a m'kope akukwera koma thupi silikulemera, onjezerani chakudya, mwachitsanzo kapu ya phala ndi mtedza madzulo. Ngati onse aima kwa mwezi wathunthu, pumani sabata imodzi, konzani nthawi yogona, kenaka muyambirenso ndi kulemera kocheperako pang'ono kuposa komwe munalekezera.