Mmene Mungapezere Vuto Intaneti ya Kunyumba Ikasiya Kugwira Ntchito

Anthu ambiri akaona kuti intaneti yasiya kugwira ntchito amathamangira kudina kabatani ka Reset kamene kali kumbuyo kwa rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba. Chonde musayambire pamenepo, chifukwa kabatani kameneko kamafafaniza zonse zimene zinakonzedwa mu rautayo, kuphatikizapo dzina la Wi-Fi, pasiwedi yake, ndiponso nthawi zina zimene amisiri a kampani yokupatsani intaneti analembamo kuti rautayo izilumikizana ndi netiweki yawo. Chofunika ndi kupeza kaye pamene pali vuto.

Wi-Fi ndi intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wi-Fi imangolumikiza foni kapena kompyuta yanu ku rauta m'nyumba momwemo, pamene intaneti imachokera kunja kudzera pa chingwe cha fibre, pa SIM khadi ya 4G kapena pa Starlink. N'chifukwa chake foni imatha kusonyeza kuti Wi-Fi ndi yamphamvu koma masamba osatseguka.

Yambani poyesa chipangizo china. Ngati foni ina ikutsegula masamba bwinobwino pa Wi-Fi yomweyo, ndiye kuti vuto lili pa chipangizo chanu chokha: zimitsani Wi-Fi n'kuyatsanso, ndipo zikakanika sankhani Forget pa dzina la netiwekiyo n'kulembanso pasiwedi. Adiresi ya IP, imene ndi nambala yozindikiritsa kompyuta pa netiweki, ikakhala yoyamba ndi 169.254, zikutanthauza kuti kompyutayo sinalandire adiresi kuchokera ku rauta.

Zipangizo zonse zikamakana, pitani pa rauta mukayang'ane timagetsi take. Ngati palibe kalikonse kamene kakuyaka, yesani soketi ina, ndipo muikayikire adaputa imene imapatsa rautayo magetsi, chifukwa imapsa kawirikawiri magetsi akabwera ndi mphamvu atakhala atazima. Ngati timagetsi tikuyaka, zulani pulagi, dikirani masekondi 30, kenaka bwezerani. M'nyumba imene muli mabokosi awiri, yambani kuyatsa limene chingwe chochokera kunja chimalowamo, ndipo mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu musanayatse rauta.

Kwa amene ali ndi fibre, timagetsi tofunika kwambiri ndi PON ndi LOS. Kagetsi ka PON kakayaka mosaphethira ndiye kuti bokosilo lalumikizana ndi kampani, koma ka LOS kakayaka mofiira ndiye kuti kuwala kumene kumayenda m'chingwemo sikukufika. Tsatirani chingwecho ndi maso kuti muone ngati chapindika kwambiri, chapanidwa ndi chitseko kapena chadyedwa ndi makoswe. Musayese kuchilumikiza nokha, popeza m'kati mwake muli galasi lopyapyala ngati tsitsi limene limafuna makina apadera, komanso musasuzumire kumapeto kwake chifukwa kuwala kwake sikuoneka koma kukhoza kuwononga maso. Ntchito imeneyi ndi ya amisiri.

Pa rauta ya 4G, monga za Airtel kapena TNM, nthawi zambiri vuto limakhala loti bandulo yatha kapena masiku ake akwana. WhatsApp ikamagwira koma zina zonse osagwira, fufuzani ngati imene yatsala si bandulo ya WhatsApp yokha. Mukhozanso kuchotsa SIM khadi n'kuiika m'foni, ndipo ikakana ngakhale mmenemo ndiye kuti rauta yanu ilibe mlandu. Kuti muone mphamvu ya netiweki, lembani adiresi ya rauta pa foni kapena kompyuta, pamalo pamene mumalemba dzina la tsamba la pa intaneti. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei a 4G ndi 192.168.8.1. Adiresi yeniyeni imalembedwa pa kapepala kamene kanamatidwa kunsi kwa rautayo. Netiweki ikakhala yofooka, sunthirani rautayo pafupi ndi zenera ndiponso pamalo okwera.

Nthawi zina zonse zimaoneka bwino koma masamba osatsegukabe, ndipo apa vuto lingakhale la DNS, imene imasandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi. Pamalo olembapo DNS mu Settings ya Wi-Fi ya chipangizo chanu, yesani kuika 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya kampani ya Cloudflare. Ngati intaneti ikungochedwa m'zipinda zakutali, sankhani Wi-Fi ya 2.4 GHz, imene imadutsa bwino makoma a njerwa kusiyana ndi ya 5 GHz, ndipo muonenso chiwerengero cha zipangizo zolumikizidwa, chifukwa pasiwedi imene inapatsidwa mlendo mmodzi imafika msanga kwa anthu oyandikana nawo.

Zonsezi zikalephereka, imbirani kampani yanu ndipo muwauze nthawi imene vutolo linayamba, mtundu wa kagetsi kalikonse ndi zimene mwayesa kale, kuti asakubwezereni ku chiyambi. Pemphani nambala ya dandaulo lanu n'kuilemba pamodzi ndi tsiku, chifukwa kampaniyo ikapanda kukuthandizani mudzaifuna pokadandaula ku bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani amenewa m'Malawi.