Khoma la chipinda chofululiramo mowa: muziika chani kuti lisamanyowe?

Amene mumafulula masese kapena thobwa pakhomo kuno ku Zomba mukudziwa mmene makoma amathera msanga. Nthunzi ya phala ikukwera, madzi otsukira migolo akuthovukira mbali zonse, kenako mvula yathu ija yoyamba Novembala mpaka Epulo, ikatha kukubwera chiperoni cha Juni ndi Julaye chomwe ngakhale zovala pachingwe sizimauma. Kwa amene muli mmunsi mwa phiri kapena kufupi ndi Likangala ndiye nkhani ya chinyezi si yochita kukuuzani.

Ndiye musanathamangire ku hadiweya kukagula penti, yambani mwadziwa kaye komwe madziwo akuchokera. Tengani kapepala ka pulasitiki koonekera mkati, kakulu ngati mbale ya nsima, mukamate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi osasiya mpata, mukasiye masiku awiri. Mukapeza timadontho kunja kwa pepalalo ndiye kuti vuto ndi nthunzi ya mchipindamo, mukapeza madontho ali kuseri ndipo khoma lada pamalopo dziwani kuti madzi ali mkati mwa njerwa, akuchokera pansi kapena panja. Apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama, chifukwa khoma lonyowa mkati ukalipaka penti wa mafuta madzi aja amasowa potulukira, pentiyo amatupa matuza kenako nkumasendeka, ndipo kuseri kwake mumapeza tiufa toyera tamchere. Zikatero konzani kaye panja, ngalande ichotse madzi pafupi ndi fandeshoni, malata atuluke bwino kuti mvula isamamenye khoma, pulasitala wakunja akhale wopanda ming'alu. Pokhapokha khoma litauma mpomwe tikambe zamkati.

Mkatimo musaganize kuti khoma lonse likufuna chinthu chimodzi ayi. Kuyambira pansi kufika cha pachifuwa ndi pomwe pamagwa mavuto onse, masese akamasefedwa, ndowa zikamagunda, tsache lonyowa likamadutsa. Ndalama zanu zipite pamenepo. Kumwamba kumangofuna kupuma basi.

Chotchipa chomwe chimagwiradi ntchito ndi pulasitala wolimba wa simenti. Muwauze amisiri asakanize muyezo umodzi wa simenti ku miyezo 3 ya mchenga pa gawo lapansilo, osati zija zongonunkhiza simenti, ndipo mchengawo ukhale woyera wosefa. Mchenga wamumtsinje mmauyesa chonchi, ikani pang'ono mubotolo la madzi, khutchumulani nkusiya ukhazikike, matope akaunjikana ochuluka pamwamba pa mchenga umenewo ubwezeni. Mmahadiweya mumapezekanso mankhwala othira mu simenti oti madzi asamalowe, tsatirani muyezo wolembedwa pachitinipo. Akamaliza asalaze ndi chitsulo mpaka pazinyezimira, ndipo pomwe khoma likukumana ndi pansi apange mokhota osati kona yakuthwa, poti mukona ndi momwe masese amabisala nkuyamba kununkha. Sabata yoyamba muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kuti asang'ambike. Koma ngati nyumba yanu ndi ya zidina, simenti payokha sigwira bwino, imadzayoyoka chigamba chonse, ndiye akhomere kaye waya wa nkhuku pakhomapo kenako nkupaka.

Pamwamba pa pulasitalayo mutha kupaka penti wa mafuta, uja wonyezimira amati gloss, amatsukika ndi kansalu ndi sopo. Koma chonde dikirani, pulasitala watsopano amafuna pafupifupi masabata 4 kuti aume, nthawi ya dzinja kuposa apo, ndipo simenti yaiwisi imadya penti wa mafuta mpaka amayamba kunanda. Yambani ndi primer ya pa pulasitala, penti woyambirira uja wothandiza kuti winayo agwire, kenako makoti awiri. Penti wamadzi wamba uja timati PVA musamuike pansipa, mukangopukuta kangapo watha.

Ngati thumba likulola, matailosi ndiye mapeto a nkhani. Oyera osalala aja akubafa ndi okwanira, musavutike ndi okongoletsa okhala ndi timizere tokumbika, amenewo amangosunga litsiro. Tailosi payokha silowa madzi, pofooka pake ndi mmipata. Mowa wa masese ndi wowawasa, muli asidi, ndipo asidi amadya simenti pang'onopang'ono, ndiye grout wamba, simenti ija amatsekera mipata ya matailosi, amayamba kuda nkukumbika makamaka pamene mumasefera. Mukaupeza grout wa epoxy, wokhala ngati guluu wolimba osati simenti, gulani ngakhale wa malo amenewo okha, ndi wodula inde komanso amauma msanga moti mmisiri wachidodo amamutaya, koma mowa sumutha. Chinanso, muziima pomwepo amisiri akamamata. Ena amangoika timadontho ta simenti pamakona anayi nkukanikiza, kuseri kumatsala mphako momwe mphemvu zimamanga mudzi. Gogodani ndi ndalama yachitsulo, pomwe pakumveka phwa phwa ngati chigubu chopanda kanthu achotse amatenso.

Mapanelo a PVC aja anthu akuika kudenga masiku ano samva madzi ndipo amapukutika bwino, kumbali yoika migolo yoti mowa uwire atha kuthandiza, bola musawayandikize moto chifukwa amapindika nkusungunuka ndipo utsi wake ndi woipa. Kuseri kwa mafuwa siyani njerwa zootcha ndi pulasitala basi, kapena khomani lata pamatabwa osiya kampata kuti mpweya uzidutsa kuseri. Penti aliyense pamenepo mwaye umamumaliza.

Pulayiwudi, siling'i bodi ndi mapepala okongoletsa aja omata pakhoma, iwalani. Zimamwa nthunzi, kufufuma, nguwi nkuyamba.

Kumwamba kuja ine ndimakonda laimu, ngakhale ena amamuona ngati wachikale. Ndi wotchipa, amalola khoma kupuma, ndipo nguwi sizimera msanga pa iye. Vuto lake amachoka mukamukhudza komanso amafuna kubwereza chaka ndi chaka, ndiye migolo muzivindikira kuti timagawo take tisagweremo. Nguwi zikayamba kuoneka madontho akuda mmakona, sungunulani Jik mmadzi nkutsuka mawindo ali otsegula, osamusakaniza ndi mankhwala ena aliwonse, ndipo chimera ndi ufa mutulutse kaye panja.

Ndipo chilichonse mungamate, nthunzi ikasowa potulukira imasanduka madzi pamalata nkumadonthera mumowa momwemo. Boolani maventi awiri kapena atatu cha kumwamba pakhoma loyang'anizana ndi chitseko, muikemo sefa wa udzudzu kuti ntchentche zisalowe, ndipo linanso likhale cha pansi chifukwa mpweya womwe mowa umatulutsa ukamawira ndi wolemera, umakhala pansi. Kuphika phala lenilenilo ngati malo alipo chitirani pakhonde kapena pachisakasa panja, mkati muzingosungiramo ndi kusefera.