Kuphika m'nyumba ya Ayuda osunga kosher: zoti mudziwe musanagwire poto

Tsiku limene ndinayamba ntchito yophika kwa banja lina lachiyuda ku Johannesburg, mayi a panyumbapo sanandifunse zomwe ndimadziwa kuphika. Anandiimika pakati pa masinki awiri n'kunena kuti, "Iyi ndi ya nyama, iyo ndi ya mkaka. Zisakumane." Ngati mukukayamba ntchito ngati imeneyi, yambirani pomwepo.

Kosher ndi mawu achiheberi otanthauza chinthu choyenera, chololedwa. Lamulo losiyanitsa nyama ndi mkaka likuchokera pa mawu akuti usaphike mwana wa mbuzi mu mkaka wa mayi wake, omwe analembedwa katatu: Eksodo 23:19, Eksodo 34:26 ndi Deuteronomo 14:21. Aphunzitsi achipembedzo chachiyuda, otchedwa arabi, anawamasulira kuti akukhudza nyama iliyonse, ngakhale nkhuku. Choncho chilichonse chimakhala pawiri: mapoto, mipeni, mbale, masiponji, ngakhale kansalu kopukutira. M'nyumba zambiri zofiira ndi za nyama, zabuluu ndi za mkaka. Lowezani mawu awo atatu: fleishig ndi za nyama, milchig ndi za mkaka, batala ndi chizi, pareve ndi zosalowa mbali iliyonse monga mazira, nsomba, zipatso ndi masamba. Koma nsomba, ngakhale ili pareve, musayiike mbale imodzi ndi nyama.

Akadya nyama amadikira asanadye za mkaka. Ambiri amadikira maola 6, ena ochokera ku Germany maola 3, a ku Netherlands ola limodzi. Funsani mwambo wa banjalo, chifukwa mwana akakupemphani yogati masana, ndinu amene muyenera kuyang'ana wotchi.

Za nyama zololedwa zili pa Levitiko 11. Iyenera kukhala yobzikula komanso ya ziboda zogawanika: ng'ombe, nkhosa, mbuzi. Nkhumba ili ndi ziboda zogawanika koma sibzikula, ngamila imabzikula koma ziboda zake n'zosagawanika. Za m'madzi zikhale ndi zipsepse ndi mamba, ndiye nkhanu ayi.

Nyama musagule pena paliponse ayi. Ng'ombe yololedwa ikaphedwa molakwika imasanduka treif, yosadyeka. Amapha ndi munthu wophunzitsidwa wotchedwa shochet, ndi mpeni wosalala wopanda ngakhale kachibenthu, kenako amayang'ana mapapo ngati ali bwino. Magazi ndi oletsedwa, n'chifukwa chake nyama amaiviika m'madzi theka la ola, kuithira mchere wa mibulu ola lathunthu, n'kuitsuka katatu. Masiku ano butchala ya kosher imachitiratu zimenezi. Chiwindi chokha n'chimene mchere suchikwanira, chimafuna kuwotcha pamoto mpaka magazi atuluke.

Ntchito yomwe imadya nthawi yanga kwenikweni ndi masamba. Kachilombo kamodzi kobisala mu letesi n'koletsedwa ngati nkhumba yomwe. Thotholani tsamba limodzilimodzi, viikani m'madzi, tsukani, kenako liyang'aneni mbali zonse poyera, pafupi ndi windo. Burokoli ndi sitiroberi ndiye zovuta, mabanja ena amangogula zoyang'aniridwa kale. Dzira lililonse liswereni m'tambula yagalasi musanaliphatikize ndi anzake. Likakhala ndi kadontho ka magazi, tayani. Ineyo chizolowezi chimenechi ndimachikonda, chifukwa dzira limodzi loipa siliwononganso mbale yonse.

Za m'mapaketi, fufuzani chizindikiro chotchedwa hechsher, chosonyeza kuti chakudyacho ndi kosher. Chodziwika kwambiri ndi U ali mkati mwa O, cha bungwe lachiyuda la Orthodox Union la ku New York, ndipo pakakhala D pambali pake ndiye kuti muli mkaka. Vinyo asiyeni eni nyumba atsegule ndi kuthira okha, pokhapokha atakuuzani kuti ndi mevushal, wophikidwa.

Pali lamulo lina lokhudza ife amene si Ayuda. Zakudya zina, monga nyama ndi nkhuku, Myuda ayenera kutengapo mbali pophika. Kwa Aashkenazi (Ayuda omwe makolo awo anachokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya) zimakwanira kuti iyeyo ayatse moto, pamene Asefadi ambiri (omwe makolo awo anachokera ku Spain ndi Portugal) amafuna aike yekha poto pamoto. Poyamba zinkandipweteka mumtima, ndinkaona ngati sakundikhulupirira. Ndinadzamvetsa kuti lamulolo ndi lakalekale ndipo silinena za ukhondo wanga. Choncho m'mawa musayatse chitofu musanafunse.

Mudzalakwitsa ndithu. Ine ndinavundulapo msuzi wa nkhuku wotentha ndi supuni yabuluu. Mtima unandiuza kuti ndingoitsuka n'kubwezera m'dirowa, koma ndikanatero ikanakalowa m'poto wa mkaka mawa lake, vuto n'kufalikira. Ndinazimitsa moto, kuika supuni ndi poto pambali, n'kukawauza mayi. Anaimbira foni rabi wawo, iye anafunsa ngati supuniyo inagwira mkaka wotentha m'maola 24 apitawo, komanso kuchuluka kwa msuziwo. Inali isanagwire. Msuzi anaulola, ndipo supuni, poti inali yachitsulo, tinaiyeretsa poimiza m'madzi obwadamuka. Muzikumbukira nthawi yomwe chiwiya chinagwira ntchito komaliza, chifukwa ndi funso loyamba lomwe rabi adzafunse.