Mmene mungatsatire masewero a ku Britain mozindikira muli kuno ku Blantyre

Palibe dziko lakunja limene mpira wake timautsatira kwambiri kuno ku Blantyre kuposa England. Mukadutsa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni Loweruka madzulo, mupeza bolodi ataliimika pakhomo pa nyumba yoonetsera mpira, atalembapo ndi choko mayina a matimu ndi nthawi yoyambira, ndipo mkatimo anthu atapanikizana pamabenchi, wina atavala yunifomu ya Arsenal, wina ya Chelsea. Ambirife timadziwa osewera ndi ndalama zimene anawagulira, koma ndi ochepa amene amadziwa chimene masewerowa amatanthauza kwa eni dzikolo. Kuti munthu afike pamenepo pamangofunika chidwi ndi kudziwa poyang'ana.

Yambani ndi kufufuza kumene timu yanu inabadwira ndi anthu amene anaiyambitsa, chifukwa matimu ambiri akuluakulu anachokera m'mafakitale ndi m'matchalitchi. Arsenal inayambitsidwa mu 1886 ndi anthu ogwira ntchito pafakitale yopanga zida zankhondo ku Woolwich, n'chifukwa chake chizindikiro chake ndi mzinga mpaka lero. Manchester United inayamba mu 1878 ili timu ya ogwira ntchito kunjanji ku Newton Heath, West Ham inachokera kwa omanga sitima zapamadzi a ku Thames Ironworks mu 1895, pomwe Everton ndi Aston Villa zinayambira pa achinyamata a kutchalitchi. Liverpool nayo inabadwa mu 1892 pamene Everton inasamuka pabwalo la Anfield itasemphana ndi mwini malo pankhani ya lendi, ndipo mpaka 2025 mabwalo a matimu awiriwa ankangolekanitsidwa ndi paki ya Stanley Park. Aliyense amene anaonapo mmene mzinda uno umagawanikira tsiku limene Maule akukumana ndi Manoma pa Kamuzu Stadium sangavutike kumvetsa mmene banja limodzi la ku Liverpool limakhalira tsiku lotero.

Mbiri imeneyi ndi imene imafotokoza khalidwe la ochemerera a kumeneko. Kwa iwo timu ndi ya mzinda, ndipo mwana amaitengera kwa bambo kapena kwa agogo ake, iziwina kapena izigonja. Eni timu ya Wimbledon ya ku London ataloledwa kuisamutsira kumzinda wina wa Milton Keynes, ochemerera anakana kuitsatira, m'malo mwake anayambitsa AFC Wimbledon mu 2002 n'kuyambiranso pansi penipeni. Mu Epulo 2021 matimu 6 a ku England analengeza kuti alowa mpikisano watsopano wa Super League, momwe oyambitsawo sakanatulukamo ngakhale atachita moipa chotani. Ochemerera awo omwe anakwiya n'kukachita zionetsero pamabwalo, ndipo pasanathe masiku atatu matimu onsewo anabwerera m'mbuyo. Ndikuona kuti nkhani iyi ndi imene imaonetsa bwino mtima wa anthu a ku Britain pampikisano: mpikisano umene wamkulu sangagwe, iwo sauwerengera.

Choncho phunzirani kuwerenga ndandanda wa ligi kuyambira pansi. Premier League, imene inayamba mu 1992, ili ndi matimu 20, ndipo atatu otsiriza amatsika chaka chilichonse. Pansi pake pali Championship, League One ndi League Two, iliyonse ya matimu 24, zomwe zikupereka matimu 92, ndipo pansi pa amenewa palinso maligi ambirimbiri ofika mpaka kumatimu a m'midzi, onse olumikizidwa ndi lamulo lokwera ndi kutsika. Luton Town inali kunja kwa maligi anayi apamwambawa mpaka 2014, koma mu 2023 inalowa mu Premier League. Ndikukulangizani kuti musankhe timu imodzi ya mu Championship kapena yapansi pake, muziitsatira pafoni pambali pa timu yanu yanthawi zonse. M'mwezi wa Meyi yesetsani kuonera masewero omaliza a pa Wembley olimbirana malo otsala okwerera mu Premier League, pakuti matimu awiri oyamba amakwera mwachindunji, koma wachitatu amapezeka pamasewero amenewa.

Chikho cha FA Cup musachione ngati chocheperapo. Bungwe la FA, loyendetsa mpira ku England, linakhazikitsidwa ku London mu 1863, ndipo chikhochi chinayamba mu 1871, ligi isanabadwe mu 1888. Matimu oposa 700 amalowamo kuyambira mu Ogasiti, koma akuluakulu amalowa kumayambiriro kwa Janyuwale pandime yachitatu, ndipo sabata imeneyo ndiyo yofunika kuipatula. Pamenepo mukhoza kuona osewera olandira mamiliyoni akutsikira pakabwalo kamatope, kukakumana ndi anyamata amene ena mwa iwo mkati mwa sabata amagwira ntchito zina. Lincoln City inafika ndime ya matimu 8 mu 2017 ili kunja kwa maligi anayi aja, ndipo Wigan Athletic inatenga chikhochi mu 2013 itagonjetsa Manchester City 1-0, chaka chomwecho n'kutsika mu Premier League.

Nkhani ya nthawi imasokoneza ambiri. Britain imasintha mawotchi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, pamene ife sitisintha. Masewero a 3 koloko masana kumeneko amayamba 4 koloko kuno kuchokera kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo amayamba 5 koloko. A 8 koloko usiku m'nyengo yawo yozizira amayamba 10 koloko kuno, choncho amene mumakaonera kutali ndi kwanu konzeranitu mayendedwe obwerera. Ola la 3 koloko Lowerukali linachokera m'mafakitale, pamene antchito anayamba kuweruka masana tsiku limenelo n'kupita kubwalo. Mpaka pano ku England saonetsa mpira pawailesi yakanema kuyambira 2:45 mpaka 5:15 Loweruka masana, pofuna kuti anthu azipitabe kukaonera matimu ang'onoang'ono a kwawo, kotero masewero ena amene timaonera ku Limbe munthu wa ku Manchester sangawaone kunyumba kwake. Pa 26 Disembala, tsiku la Boxing Day, kupita kumpira ndi mbali ya chikondwerero cha Khirisimasi.

Samalaninso posasakaniza Britain ndi England. England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland aliyense ali ndi timu yake ya dziko pampira, ngakhale ku Olimpiki amapikisana pansi pa mbendera imodzi. Masewero oyamba a pakati pa mayiko anachitikira ku Glasgow mu 1872 pakati pa Scotland ndi England, ndipo anathera 0-0. Ife okhala mumzinda wotchedwa dzina la kwawo kwa David Livingstone tiyenera kudziwako za Scotland, makamaka Celtic ndi Rangers. Celtic inayambitsidwa mu 1887 ndi Brother Walfrid kuti ipeze ndalama zodyetsera osauka a kum'mawa kwa Glasgow, ambiri mwa iwo Akatolika ochokera ku Ireland, pamene Rangers inakhala timu ya Apulotesitanti, ndipo mkangano wa matimuwa wakhudza chipembedzo ndi ndale kwa zaka zoposa 100.

Masewero ena, kupatula mpira wamiyendo, ndi amene amaonetsa kusiyana kwa olemera ndi anthu wamba, choncho ndi bwino kuonerako limodzi la iwo chaka chilichonse. Mu 1895 matimu a rugby a kumpoto kwa England anakumana ku Huddersfield n'kupatukana ndi anzawo, chifukwa osewera awo anali a m'migodi ndi m'mafakitale, ofuna kubwezeredwa malipiro a tsiku limene ajomba kuntchito, pamene akuluakulu a kum'mwera ankati munthu asalipidwe posewera. Apa ndi pamene panachokera rugby league ya osewera 13, yosiyana ndi rugby union ya osewera 15 imene mungaionere mumpikisano wa Six Nations mu Febuluwale ndi Malichi. Tenisi ya Wimbledon, yoyamba mu 1877, imaseweredwa paudzu osewera atavala zoyera, ndipo Andy Murray atapambana mu 2013 anali mwamuna woyamba wa ku Britain kutero chichokereni Fred Perry mu 1936. Kiriketi imafuna kudekha, pakuti masewero amodzi a Ashes pakati pa England ndi Australia amatha kutenga masiku asanu, osewera akumaima kuti adye nkhomaliro ndi kumwa tiyi.

Pali mbiri imodzi yoyenera kuidziwa musanayambe kuseleula otsatira timu ina. Pa 15 Epulo 1989 anthu anapanikizana pabwalo la Hillsborough ku Sheffield, ndipo ochemerera Liverpool 97 anataya miyoyo chifukwa cha ngoziyo. Mabanja awo anamenyera chilungamo mpaka 2016, pamene bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti anthuwo anafa chifukwa cha kulephera kwa oyang'anira chitetezo, osati khalidwe la ochemerera. Ngoziyi ndi imene inachititsa kuti mabwalo akuluakulu aikidwe mipando paliponse. Nkhani imeneyi si yochitira nthabwala m'magulu a pa WhatsApp.

Musasiye masewero a amayi. Mu 1921 bungwe la FA linaletsa amayi kusewera pamabwalo a matimu ake, ndipo chiletsocho chinakhala pafupifupi zaka 50, koma timu ya amayi ya England inatenga chikho cha ku Ulaya mu 2022 pa Wembley n'kuchitenganso mu 2025. Kwa ife okonda Malawi Queens, polowera posavuta ndi mpira wamanja, umene malamulo ake anakhwimira ku England komweko. Joyce Mvula anasewerera Manchester Thunder ndipo anatenga nayo ligi ya Netball Superleague mu 2019 ndi mu 2022, choncho mukafuna timu yoyambira kuitsatira muligi imeneyo, yambani ndi imeneyi.