Chuku m'chakudya cha ng'ombe ndi nkhosa: kuchizindikira ndi kuchipewa

M'makomo ambiri, posankha chimanga, chabwino chimapita kuchigayo, chowola n'kuponyedwa m'khola. Lekani chizolowezi chimenechi. Nkhungu ya Aspergillus, yobiriwira mwachikasu, imene imamera pa chimanga, madeya, mtedza ndi keke ya thonje (zotsalira akafinya mafuta m'njere za thonje), imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo poizoniyu satha ngakhale muwiritse kapena kuyanikanso padzuwa.

Aflatoxin amawononga chiwindi. Ng'ombe yodya poizoniyu pang'onopang'ono sigwa tsiku limodzi: imayamba kusiya chakudya m'chodyera, mkaka umatsika, ubweya umanyankhalala, imatsekula m'mimba mwa apo ndi apo, ndipo matenda ena amaigwira msanga. Ikadya wambiri, m'maso ndi m'nkhama mumaoneka chikasu. Mathole ndi ana a nkhosa ndiwo amavutika kwambiri chifukwa chifu chawo sichinakhwime.

Alimi a mkaka, apa ndiye pofunika maso. Chiwindi chimasandutsa poizoniyu kukhala aflatoxin M1, yemwe amapezeka mu mkaka pasanathe tsiku. Kuphitsa mkaka sikumuchotsa, ndiye amakathera m'kapu ya mwana. Mukasiya chakudya choipacho, poizoniyu amatha mu mkaka pakadutsa masiku 3 kapena 4. Ku America malire a aflatoxin m'chakudya cha ng'ombe za mkaka ndi 20 ppb (magawo 20 pa magawo biliyoni imodzi a chakudya), mlingo wochepa kwambiri moti maso kapena mphuno sizingaudziwe. Madeya ooneka bwino akhoza kukhala nawo, makamaka akachokera ku chimanga chosasankha, pakuti poizoni wambiri amatsalira m'gaga pokonola.

Madeya a kuchigayo amabwera a chinyontho chifukwa chimanga amachiwaza madzi pokonola. Musawasiye m'thumba usiku. Ayanikeni tsiku lomwelo pa lona, mopyapyala, muziwatembenuza mpaka aziyoyoka mukawafumbata. Akamaumbika m'manja, kufunda pakati pa thumba kapena kununkha chivundi, ndiye kuti nkhungu yayamba kale. Matumba asanjikeni pa matabwa, atalikirane ndi khoma, ndipo yambani kugwiritsa ntchito akale. Chimanga chosunga chinyontho chake chisapitirire 13 peresenti. Kuti muyese, ikani chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma, khutchumulani, mudikire mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali, chibwezereni padzuwa. Thanani ndi anankafumbwe, chifukwa m'mabowo awo ndimo nkhungu imalowera. Chodyera muzichipala tsiku lililonse: zotsalira zonyowa m'makona zimaipitsa chakudya chatsopano.

Vuto lina limachokera kumunda. Ziweto zikalowa m'mapesi mutakolola, zimatola zisononkho zowola zokhala ndi nkhungu yoyera ya Diplodia. Matenda amene nkhunguyi imayambitsa ndi odziwika kwambiri ku South Africa. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chiweto chimayamba kudzandira, kuyenda chokweza miyendo, kugwa, zina zimalephera n'kudzuka komwe. Nkhosa za bere lalikulu zimabereka ana akufa kapena ofooka. Chotero yendani m'munda n'kutola zowola zonse musanatsekulire ziweto. Zikadwala, zitulutseni msanga, zipatseni madzi ndi udzu pamthunzi; zambiri zimachira zikachotsedwa nthawi yabwino.

Nkhosa zikamangokweredwa osatenga bere, ganiziraninso chimanga cha nkhungu yofiirira ya Fusarium, chomwe poizoni wake, zearalenone, amasokoneza ubereki. Mbatata zowola nazo musapatse ng'ombe, zimatupitsa mapapo ndipo ng'ombe imatha kufa ndi befu.

Mukakayika, siyani chakudyacho nthawi yomweyo, sungani pang'ono kuchokera m'matumba angapo, ndipo itanani mlangizi wa ziweto kuti aone ziwetozo ndi kutumiza chakudyacho kukayezedwa. Jakisoni wochotsa poizoniyu palibe, ndipo maantibayotiki angokudyerani ndalama. Dothi la bentonite losakaniza m'chakudya limagwira aflatoxin m'mimba, koma pa zearalenone silithandiza kwenikweni. Tsatirani mlingo wolembedwa pa thumba la bentonite. Chakudya chowolacho musachisakanize ndi chabwino kuti chithe, musachipatsenso nkhuku kapena nkhumba, zomwe zimadwala nacho msanga kuposa ng'ombe. Chikwirireni m'dzenje lakuya kapena chitentheni kutali ndi khola.